Madzi a Zambezi Anafika pa Shedi Yanga

Foni inalira kachisanu ndi chimodzi tsiku lomwelo. Nambala yake inali ya ku Mozambique. Ndinaiyang'ana ngati njoka yalowa m'shedi.

"Ababa, yankhani," anatero mwana wanga Eliness. "Ndi Mayi Ruqaya aja."

"Ndikudziwa kuti ndi iwo. Isiye. Ikatopa isiya yokha."

Dzina langa ndine Hawkins Nakoma. Ndimakhoma malata kumunsi kwa msika wa Ndirande: ndowa, mbaula ndi makheni othirira mbewu. Ntchitoyi ndinaiyamba ndisanamere ndevu, lero ndevuzo zachita mbuu. Sukulu ndinalekezera sitandade 5, koma anthu ndinawaphunzira mokwanira. Ndinkadziwa chinthu chimodzi. Kasitomala akaimba foni atatenga kale katundu, sakufuna kumva mmene wadzukira. Akufuna kubweza katunduyo.

Mayi Ruqaya ali ndi shopu ya zipangizo zaulimi mumzinda wa Tete. Chinyanja amachidziwa bwino chifukwa anakulira ku Mwanza nthawi ya nkhondo ya kwawo. Mwezi wa Meyi anabwera ku Blantyre, anazungulira mzere wathu wonse, n'kuima pa shedi yanga. Anagula makheni makumi asanu ndi limodzi kamodzin'kamodzi. Pochoka anati, "Alimi anga akawakonda, ndidzafuna mazana atatu dzuwa lisanafike poipa."

Mazana atatu! Tsiku limenelo ndinavina, ine munthu wa mawondo olira ngati chitseko. Mumvetse kuti zinthu zinali zitavuta. Makheni a pulasitiki adzaza m'mashopu a ku Limbe, ndipo mashedi anayi pa mzere wathu anali atatseka kale. Ndinali nditamuuza Eliness kuti chaka chino chikakanika, ndigulitsa nyundo, sizasi ndi kachidutswa ka njanji kamene ndimakhomerapo. Koma ndikanapita kuti? Agogo anga anachokera kutsidya kwa Mulanje kudzathyola tiyi. Munda sanatisiyire. Munda wanga ndi shedi imeneyi.

Ndiye patatha milungu isanu kunabwera uthenga: "Bambo Nakoma, makheni aja ali ndi vuto. Tikambirane."

Vuto? Kheni yanga? Ndinamuuza Eliness kuti nambala imeneyo aiboloke. Anakana, ndiye foni inkangolira.

Madzulo a tsiku limene foni inalira kasanu ndi kamodzi lija, dzuwa lisanalowe, kunafika Mayi Anastasia, neba wathu wa kuseri kwa mpanda. Iwowa akhala akuchita geni ya zitenje zaka makumi awiri, kudumpha malire a Zambia, Tanzania ndi Mozambique. Eliness anali atawauza zonse.

"Achimwene, ndamva kuti mwayamba kuopa foni," anatero akukhala pa ndowa yovundikira. "Ikuluma?"

"Achemwali, anthu awa ndimawadziwa. Ayamba ndi 'tikambirane'. Kenako akuti katundu ndi woipa, tsitsani mtengo. Kapena akufuna aone mmene ndimapangira, akapatse wina."

Sindinkanena zamaloto. Kalekale kunabwera bambo wina wa tayi, wonunkhira bwino. Anayamikira mbaula zanga, anayeza ndi tepi, anajambula, anandilonjeza oda yaikulu. Patatha miyezi itatu ndinaona mbaula zangazo zili mbwee m'tauni, zopangidwa ndi anthu ena. Kuyambira pamenepo palibe kasitomala amene anadutsa tebulo langa la kutsogolo.

Mayi Anastasia anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anafunsa, "Wa tayi uja atakuberani, anakuimbiraninso kangati?"

"Aimbirenji? Anali atapeza chimene ankafuna."

"Basi, mwadziyankha nokha. Kasitomala amene wakutayani saimba foni. Amangoti zii, n'kukagula kwina. Inuyo mumangodabwa kuti geni yafa. Uyu waimba kasanu ndi kamodzi lero lokha, pa mayunitsi ake, kuchokera dziko lina. Akukufunanibe ameneyo. Wakutsina khutu ndi mnansi, achimwene."

"Nanga vuto lake n'chiyani? Kheni yanga siidontha!"

"Ine ndidziwa bwanji? Inunso mudziwa bwanji? Munafikako ku Tete? Ine ulendo wanga woyamba ku Chipata ndinanyamula zitenje zimene zinkayenda malonda kuno. Ndinabwerera nazo zonse. Amayi a kumeneko ankafuna maluwa ena. Amene anandiuza zoona ndi mayi amene anandinyoza kwambiri, ndipo mpaka lero ndiye kasitomala wanga wamkulu."

Koma mtima wanga sunagonje. Apo Eliness anatsokomola.

"Ababa, musakwiye. Ine ndinawayankha dzulo. Akubwera Lachinayi."

Lachinayi ndinalawirira. Zipangizo zanga ndinazifunditsa chiguduli kuti mlendo asazione. Mawu ndinali nditawakonza kale: katundu wogulidwa sabwezedwa. Ndinkayembekezera lole yodzaza makheni anga onse aja, ndipo ndinkadziwa kuti mzere wonse useka.

Cha m'ma 10 koloko kunaima njinga yamoto ya kabaza. Anatsika Mayi Ruqaya, dzanja limodzi kheni imodzi yokha, dzanja lina chigubu chachikasu. Luckson, amene ali ndi shedi moyang'anana ndi yanga, anakuwa:

"Madala, alendo anu abwera ndi thobwa! Mutigawireko!"

Anthu anayamba kusonkhana. Mayi Anastasia nawo anatulukira, ati amangodutsa.

"Mwadzuka bwanji, Bambo Nakoma?" anatero Mayi Ruqaya akupukuta thukuta. "Foni yanu ili ndi tulo tambiri, ndiye ndati ndibwere ndekha. Awa ndi madzi a mu Zambezi. A pa chipata ku Mwanza andiseka, ati kodi ku Malawi madzi atha?"

"Mayi, ndinene poyambirira, katundu wogulidwa..."

"Sindikubweza kanthu. Tengani kheni yatsopano, muthiremo madzi a pampopi panu."

Ndinatenga imodzi pa tebulo. Apa ndifotokoze. Kheni ili ndi mpopi wautali, ndipo kunsonga kwake kuli mutu wa timabowo tambirimbiri, umene umamwaza madzi ngati mvula. Anzanga ambiri mutuwo amangousomeka. Ine ndimauwotcherera ndi mtovu, sungachoke ngakhale mutakokana anthu awiri. Ndinayamba kutero chifukwa kuno ku Ndirande mutu wa kheni ukakhala wochoka, umamera miyendo. Tsiku lina pamsika anandizula mitu khumi ndi umodzi ndikuwerama kumanga nsapato. Alimi a ku Machinjiri amadziwa, ndipo amanena okha kuti mutu wa kheni ya Nakoma suchoka. Kumeneko ndiye kunali kunyada kwanga.

Ndinathira madzi a pampopi, n'kupendeketsa. Madzi anamwazika bwinobwino, waa, ngati mvula ya Disembala.

"Mwaona?" ndinakweza mawu kuti Luckson amve. "Vuto lili pati?"

Mayi Ruqaya anayandikira. Anakhutchumula chigubu chawo n'kuthira theka lake m'kheni momwemo. Madzi ake anali ofiirira, a mchenga wosalala ndi tizidutswa ta ndere. "Thiriraninso."

Ndinapendeketsa. Poyamba anatuluka bwino. Kenako timabowo tinayamba kutsekeka kamodzikamodzi. Madzi asanafike theka, kheni yanga inkangodontha ngati mphuno ya chimfine.

"Aaa, madala, yadwala!" anakuwa Luckson. Anthu anafa nako kuseka.

"Tsopano itsukeni," anatero Mayi Ruqaya.

Ndinatenga kawaya n'kuyamba kutokosa bowo lililonse. Mchenga unkangobwerera mkati mwa mutu, n'kudzatsekanso. Ndinagogoda, ndinaizondotsa, osatheka. Kuti utsuke bwino unafunika kuchotsa mutu. Ndipo mutu wa kheni ya Nakoma suchoka.

Ndinaika kawaya pansi. Zaka zonsezi chinthu chimene ndinkanyadira ndicho chinali vuto, ndipo sindikanachidziwa ndili pano, chifukwa madzi a kuno si a kumeneko.

Mayi Ruqaya anandipatsa kheni imene anabwera nayo. Mutu wake unali wodulidwa ndi sowo. "Alimi anga amatunga mumtsinje. Akatopa kutokosa, amadula mutu. Koma popanda mutu madzi amatuluka mwamphamvu, amakumba nazale, mbande za anyezi zimangokokoloka."

"Ndiye enawo ali kuti? Mwawasiya pa depoti?" ndinafunsa.

Anaseka. "Ndani angandipatse? Akukana nawo! Ya pulasitiki dzuwa la ku Tete limaiphwanya miyezi iwiri isanathe. Yanu ndi yolimba, siidontha, chogwirira sichithothoka. Andituma, ati mukamuuze mmisiri ameneyo akonze mutu wokha basi. Kukanakhala kuti sindikufuna makheni anu, bwenzi nditasenza madzi kuchokera ku Tete?"

Mayi Anastasia anandiponda chala. Uthenga wake ndinaumva.

Ndinawafotokozera alendowo za akuba a mitu. Anagwedeza mutu. "Kwathunso mutu wochoka umasowa. Wina umagwera mumtsinje, wina ana amaseweretsa. N'chifukwa chake sindinakagule kwa ena."

"Ndiye iwo akufuna uzichoka, inu mukufuna usasowe," anatero Mayi Anastasia. "Achimwene, paja mumati ndinu mmisiri. Kapena n'zongonena?"

Maso anga anagwera pa galu wa Luckson, amene anali atagona pamthunzi, womangidwa ndi tcheni pa mtengo. Amadzuka, amayenda, koma sapita patali.

"Tcheni!" ndinakuwa. "Eliness, thamanga kwa ogulitsa zitsulo, kagule katcheni kakang'ono! Mutu uzichoka, koma ukhale womangirira ku mpopi!"

Ndinavundukula chiguduli chija osakumbukanso kuti ndinkabisa chiyani. Ndinasonkheza makala, ndinaika chowotcherera pamoto, ndinadula lata. Manja anga, amene masiku ano amanjenjemera ndikagwira kapu ya tiyi, anali ngati a mnyamata. Ndinapinda kakhosi kosomeka, kothina bwino kuti madzi asatulukire m'mbali. Nditatembenuka ndinapeza Mayi Ruqaya ali pambali panga, kuseri kwa tebulo, pamalo pamene kasitomala sanapondepo chichokereni wa tayi uja. Anali atandigwirira lata. Ndinawasiya.

Ola lisanathe kheni yatsopano inali itatha. Tinathira madzi otsala a m'chigubu. Itatsekeka, ndinazula mutu, ndinaugogoda pa njanji, mchenga wonse pansi, n'kuusomekanso. Waa! Mvula inagwanso. Ukazulidwa, mutu unkangoti lende pa tcheni chake, wosapita kulikonse.

Mzere wonse unaombera m'manja. Ngakhale Luckson anati, "Iyayi, madala ndinu dolo."

"Dikirani, eni ake aone," anatero Mayi Ruqaya. Anaimba foni ya vidiyo. Pagalasi panaoneka bambo wovula malaya, kumbuyo kwake madzi aakulu ndi mizere ya kabichi. Anali a Nikolasi, mkulu wa gulu la alimi a m'mbali mwa mtsinje. Chinyanja chawo chinali chosakanikira, koma tinkamvana.

"Ndinu amene munapanga kheni yosamva ija?" anafunsa. Titawaonetsa mutu watsopano, anakuwira anzawo, nkhope zinadzaza pagalasi. Kenako anayamba kulamula ngati shedi ndi yawo. Ankafuna kasefa pakamwa pothirira madzi, kuti ndere zizitsalira pamwamba. Ankafunanso chogwirira chisunthire kumbuyo pang'ono, chifukwa amakwera gombe lotsetsereka atanyamula makheni awiri, ndipo madzi amawakhavukira m'miyendo.

Kale munthu wondiuza zochita pa ntchito yanga ndinkamuonetsa njira. Tsiku limenelo ndinkangoti, "Eliness, lemba! Lemba zonse!" Anthu awa ankandipatsa ulere nzeru zimene sindikanazigula kulikonse.

Kenako Mayi Ruqaya anatembenuzira foni ku kheni yatsopano ija kuti aijambule. Ndinaiphimba ndi dzanja.

"Ayi. Zojambula ayi. Ndinalumidwapo kale."

Ndinaona kuti mayiwo zawakhudza. Mayi Anastasia ndi amene anapulumutsa zinthu.

"Mantha a achimwene ndi omveka, Mayi. Nanunso muli ndi anu, chifukwa munthu amene sayankha foni angakusiyeni m'madzi alimi akudikira. Ndiye tisadalire kumwetulirana. Eliness, bweretsa pepala."

Tinalemba zinthu zochepa, m'Chinyanja chomveka. Mayi Ruqaya azigula makheni a mtundu umenewu kwa ine. Kheni iliyonse izikhala ndi dzina langa lokhomedwa pa lata. Ine ndiziyankha foni tsiku lomwelo, ndipo ndizisunga muyezo ndi tsiku limene tagwirizana. Pakakhala vuto, tiziuzana msanga, osabisa. Oda yaikulu isanayambe, nditumize makheni atatu oyeserera kuti alimi awagwiritse ntchito milungu iwiri. Tinasainira tonse, Mayi Anastasia ngati mboni. Nditatero ndinachotsa dzanja langa.

"Jambulani," ndinatero. "Koma dzina lioneke bwino."

Milungu iwiri imeneyo inali yaitali kuposa chaka. Foni ndinkayenda nayo m'thumba la malaya, ine amene kale ndinkaisiya m'ndowa. Tsiku limene inalira ndi nambala ya ku Mozambique, ndinaiyankha isanamalize kulira koyamba.

"Kasefa ndi chogwirira zili bwino kwambiri," anatero Mayi Ruqaya. "Koma tcheni chafupika. Mlimi sakutha kuviika mutu m'madzi kuti atsuke. Chinanso, chayamba dzimbiri."

Mtima wakale unafuna kudzuka. Ndinaumeza. "Chitalike bwanji?"

"A Nikolasi akuti chikhatho chimodzi ndi theka."

"Chikhatho cha ndani? Chawo kapena changa? Auzeni ayeze ndi tepi, anditumizire nambala."

Anaseka mpaka kutsokomola. Nambala inabwera madzulo omwewo. Ndinasintha tcheni, ndinapeza chosachita dzimbiri msanga, ndinatumizanso imodzi. Patatha masiku asanu ndi atatu, uthenga unafika Eliness ali pafupi. Anauwerenga mokweza:

"Bambo Nakoma, yambani. Mazana atatu. Gulu lina la ku Moatize laona, likufunanso zana limodzi."

Ndinaponya chipewa m'mwamba, chinakakodwa pa denga la shedi, ndipo chili pomwepo mpaka lero. Eliness analulutira. Mayi Anastasia anamva ali kwawo, anabwera akuthamanga nsapato imodzi ili m'manja.

Chisangalalo chitatsika ndinawerenga masiku. Makheni mazana anayi, manja awiri, milungu isanu ndi umodzi. Zosatheka. Ndinayang'ana kutsidya kwa njira, kumene Luckson ankanamizira kuwongola lata koma khutu lili kuno.

"Iwe Luckson! Pakamwa pako ndikudziwa kuti pamagwira ntchito. Nanga manja?"

Anawoloka njira asanapukute n'komwe m'manja. Tinaitananso amisiri awiri amene mashedi awo anatseka. Muyezo ndinaudula pa lata kuti aliyense azitsata womwewo, ndipo kheni iliyonse inkadutsa m'manja mwanga isanakhomedwe dzina. Ndinapanganso mitu makumi asanu ndi limodzi ya tcheni, yosomeka pa makheni oyamba aja akachotsa mitu yakale, kuphatikizapo odulidwa kale ndi sowo. Imeneyo sindinalipiritse. Cholakwa chinali changa.

Katundu anapita naye Eliness, Mayi Anastasia akumuperekeza ulendo woyamba. Ena pa mzere ankati tidutsitse njira zachidule za m'tchire. Mayi Anastasia anakana kwamtuwagalu. Anati katundu wozembetsa akagwidwa, umataya katundu ndi kasitomala yemwe. Anamutengera Eliness ku maofesi a pa chipata, anafunsa zofunika, analemba mapepala, anadutsa masana dzuwa likuswa mtengo. Makheni anafika ku Tete kutatsala masiku awiri pa tsiku la pa pepala lija.

Lero pa shedi yanga pamalira nyundo zinayi. Zipangizo sindinagulitse, ndawonjezera sizasi ina. Loweruka lililonse Mayi Ruqaya amaimba, ndipo funso langa loyamba limakhala lakuti, "Alimi akudandaula chiyani sabata ino?" Akati palibe, ndimakhumudwa pang'ono. Mwezi watha anapempha mutu wachiwiri wa timabowo tating'ono kwambiri wothirira nazale. Tikuuyesa.

Sindinama kuti tsopano ndimakhulupirira aliyense. Akuba alipo, a tayi ndi opanda tayi omwe. Koma ndinatsala pang'ono kutseka shedi yanga ndi manja anga, chifukwa munthu wobwera kudzandithandiza ndinamuyesa wakuba.

Kwa anzanga a geni zing'onozing'ono amene mukufuna kugulitsa kunja, mawu anga ndi awa. Chimene chimayenda malonda kwanu sindiye kuti chiyenda kwa eni ake. Inu mumadziwa kupanga, koma amene amadziwa dziko lake ndi kasitomala. Akadandaula, yankhani foni, mufunseni, konzani naye limodzi. Tumizani zoyeserera musanapange zambiri. Zimene mwagwirizana zilembeni, ndipo muzisunge. Katundu adutse pa chipata cha boma.

Chigubu chachikasu chija chili pakona ya shedi. Mayi Ruqaya akamabwera amanyamula madzi a kwawo n'kudzachidzazanso. Palibe kheni imene imachoka pano kupita ku Tete isanalawe madzi a Zambezi.